Mlendo wa Rozimere

Munthuyo anafika masana, Petronela akuthirira minti ndi zomera zake zina zonunkhiritsa chakudya pakhonde. Sanaodire. Anali wamtali, wa jekete yotuwa, maso ake achisoni. Anadutsa bazili wa m'zigubu zodula, anadutsa korianda wa m'tayala ndi thaimu wa m'gambuti yong'ambika, n'kukagwada pa rozimere.

Ku Zingwangwa konse palibe amene ankamvetsa dimba la Petronela. Ena ankati ndi mankhwala a chikondi. Amayi ake ankati ndi udzu wodzikuza, wosalowa m'ndiwo za anthu. Choncho mwamuna atagwadira rozimere wake, mtima wa mtsikanayo unadumpha.

Rozimereyo anamudzala m'chitsulo chakuda cha makutu awiri, chomwe anagula kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande, n'kuchiboola pansi ndi msomali kuti madzi azituluka. Mlendoyo anatulutsa kampango, napukuta chitsulocho mbali imodzi, nausa moyo.

"Ndazungulira Blantyre yense," anatero maso ali pansi. "Lero ndapeza."

Kenako anachoka osatchula dzina. Petronela anamupatsa lake la mumtima, la mnyamata wokongola wa m'mafilimu: Ramsey.

Mawa lake anabweranso, ndi mkuja womwe. Ankagwada pomwepo, kupukuta pomwepo, osamuyang'ana kumaso. Petronela anadziwa kuti ndi manyazi a chikondi. Anamuphikira mabanzi othira rozimere. Asanawiritse tiyi, mbale yonse inali mbee, ndipo mlendoyo sanatsamwe ngakhale pang'ono.

"Ameneyu ndi munthu kapena chigayo?" anafunsa amayi.

"Amayi inu, wakonda manja anga."

Lachinayi mlendoyo anaimirira, nakonza jekete. "Achemwali, nkhani iyi sindingaithe ndekha. Loweruka ndibwera ndi amalume anga."

Mwamuna akabwera ndi amalume, nkhani yake imadziwika. Petronela anatumiza uthenga kwa amalume ake ku Machinjiri. Anauza anzake a kwaya. Tambala wa amayi anaphedwa, naphikidwa ndi thaimu. Amayi a pamzere wonse, omwe aja ankaseka udzu wake, anadzaza kumpanda, ena akupempha nthambi ya rozimere ya ana awo aakazi.

Loweruka amalume awiriwo anakhala pakhonde moyang'anana. Petronela anakhala pamkeka atavala chitenje chatsopano, kanthambi ka rozimere kali m'tsitsi.

"Mwana wathuyu sagona tulo," anayamba amalume a mlendo. "Chomwe mtima wake ukufuna chili pakhomo pano."

"Tikudziwa," anayankha a ku Machinjiri, akumwetulira. Amayi a Petronela anaimba nthungululu.

Amalume a mlendo anapitiriza: "Ndiye tathokoza kuti mulibe makani. Ine ndabwera ngati mboni, chifukwa tsikulo ndinaliko. Mkazi wake ndi amene analakwitsa. Anachigulitsa atakwiya."

"Mkazi wake?" Mawu a Petronela anatuluka ang'onoang'ono.

Mlendoyo anali atagwada kale. Anazula rozimere mosamala, ndi dothi lake lomwe, namuika m'manja mwa Petronela. Kenako ananyamula chitsulo chija pa makutu onse awiri, nachikweza pamwamba pa mutu, misozi ikutsika, dothi likumugwera m'tsitsi kudzera m'mabowo a msomali.

Chinali chikho cha mpikisano. Pamalo pomwe ankapukuta paja panawala padzuwa, ndipo amalume a ku Machinjiri anawerenga mokweza, mpaka a kumpanda anamva:

"Katswiri Wodya Mabanzi, Bangwe. Januario Namaona."