Mzere Womaliza pa Teleksi

"Mawu awa walemba ndiwe?" A Kaonga, mkulu wa ofesi yogulitsa khofi, anakanikiza chala pa pepala la teleksi, makina otumizira mauthenga olembedwa.

"Ndi mzere umodzi wokha, adada," anayankha Chrissy, mtsikana wotumiza mauthenga mu ofesimo.

"Mzere umodzi? Alipo anatengedwa chifukwa cha mzere umodzi, mpaka lero akazi awo akuyang'anabe kumsewu."

Chrissy anayang'ana pepalalo. Pamwamba panali zonse zomwe anamuuza kuti atumize kwa ogula a ku Mbeya: matumba a khofi wa ku Misuku, kulemera kwake, nambala ya lole. Pansi pake ndiye anawonjezerapo zakezake, kulembera Stefano, kalaliki wa ogulawo: UBWERA LITI? NDIDZAKUDIKIRA PAMALIRE.

"Ingong'ambanipo basi."

"Nanga wapolisi wosavala yunifolomu uja akaona kuti mpukutu wa pepalawu waduka? Lero n'Lachisanu, mwana iwe, tsiku lake lodzawerenga zonse zopita ku Tanzania. Iwe uziti chibwenzi, iye aziti zigawenga."

Panja panaima galimoto. Chitseko chake chinatsekedwa mosafulumira.

Pomwepo belu la makina linalira, makinawo n'kuyamba kugogoda okha. Linali yankho lochokera ku Mbeya. A Kaonga anatambasula dzanja kuti azule chingwe pakhoma, koma Chrissy anawagwira pamkono. Nsapato zinali zitafika kale pakhonde.

"Odi muno," anatero mawu aulemu kwambiri.

Chrissy sanacheuke. Maso ake anali pa zilembo zomwe zinkatuluka chimodzichimodzi.

"Musazimitse, adada," ananong'ona. "Ngati n'kunditenga anditenge. Ndingodziwa kaye ngati Stefano abwera."