Mbedza Yosawongoka

"Choka, chonde choka!" Mussa anaichonderera mbedza, zala zili m'kamwa mwa nsomba.

Kwa masabata atatu mbedza zotchipa zinkangowongoka mu ngalande ya ku Wakefield, m'dziko la azungu, nsomba n'kuthawa ndi nyambo zake zapulasitiki. Tsikuli anasankha ya mutu wamtovu, yachitsulo chokhuthala, ndipo inakoladi chinsomba choti mkazi wake Malita ndi ana akadye masiku awiri.

Koma poteropo pankabwera mzungu wovala jekete yachikasu, ngati ya anthu oyendera ziphaso za asodzi. Mussa analibe chiphaso chowedzera, ndipo pempho lake lokhala m'dzikomo linali lisanayankhidwe. Kamlandu kamodzi kokha, basi, ndege yobwerera kumudzi. Nsomba ipite, koma mbedza yokha apulumutse.

Anakoka, anapotokola, mbedza osasuntha. Mapazi a mzunguyo anayandikira. Mussa anadula chingwe ndi mano n'kukankhira zonse m'madzi.

Mzungu uja anafika atanyamula thumba la zinyalala ndi kandodo kotolera mabotolo.

"Yakupulumuka eti?" anafunsa mwachisoni. "Pepa mnzanga. Ulendo wina uzigula mbedza zolimba. Zotchipazi sizigwira."