Musapasule Ng'oma

Mayeso olowera m'bandi atatha, mwini bandi anasuzumira pakhomo la holo n'kuloza Mphenzi ndi cholembera.

"Inuyo musachoke. Ndipo ng'oma zanuzo musapasule."

Chitseko chinatsekeka. Mphenzi anakhala pabenchi ya m'khonde, mtima ukugunda kuposa mmene iye anagundira ng'oma m'katimo. Dzina limeneli anadzipatsa yekha, ndipo mabandi onse a m'tauni ankalidziwa, poti onsewo anamukanapo. Ulendo uno unali womaliza. M'mawa, akumuthandiza kukweza katundu pagalimoto ya hayala, mkazi wake ananenetsa kuti akakanidwanso ng'omazo zigulitsidwa, pabalaza palowe mipando ngati m'nyumba za anthu ena.

Ndiye lero akuti asapasule! Ena onse anauzidwa mawu aja akuti tidzakuimbirani foni. Woimba aliyense amadziwa kuti foni imeneyo siilira.

Okanidwawo anali akulongedza zida zawo m'khondemo, aliyense akudzitonthoza mwa njira yake. Wa gitala anati sipika inali yong'ambika, ndipo ngakhale mngelo akanamveka ngati chitini. Wa lipenga anati mwini bandi ndi wansanje, amaopa munthu womuposa. Woimba pakamwa, wa jekete yonyezimira, anati iye anangodutsa kudzaona, bandi ya m'maukwati si saizi yake. Ankanena zimenezi maso ali psuu, akulimbana ndi zipi ya chikwama yomwe inali yotseka kale.

Zifukwa zonsezi Mphenzi ankazidziwa pamtima. Zina anaziyambitsa ndi iyeyo zaka zapitazo, ndipo ya sipika ija anali ataikonzeratu kuti akauze mkazi wake madzulo ano. Koma munthu akakhuta amaiwala msanga. Lero zinamveka ngati zodandaula za ana. Anaimirira, zala zazikulu zili mu lamba.

"Anzanga, sipika ilibe mlandu. Luso silibisika. Pitani mukaphunzire, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Wa lipenga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutsonya. Mphenzi sanakwiye. Anthu otchuka amadedwa, zimenezo anali atazimvapo, ndipo anasangalala kuti zayamba msanga chotere.

Onse atatuluka pageti, anaimbira foni kunyumba.

"Mayi a ana, za mipando zija iwalani. Loweruka bandi ikuimba paukwati. Uzani apongozi, uzani alamu onse aja amati ndimangosokosa. Abwere aime pampanda, adzaone okha."

Asanadule, anamva mkazi wake akufuulira aneba. Apo misozi inalengeza ndithu. Mayiyo anapirira zambiri: kudyera pansi, kulandirira alendo panja, kupepesa mwini nyumba mwezi ndi mwezi chifukwa cha phokoso. Mphenzi ankamukonda, ndipo kwa nthawi yoyamba anali ndi kanthu komuonetsa.

Atapukuta m'maso ndi pomwe anaona kuti sanatsale yekha. Kumapeto kwa benchi kunali mayi wina wamfupi, wa masilipasi, atagwira timitengo tiwiri toimbira ng'oma. Anamukumbukira. Mayiyu anabwera kumayeso ndi timitengo tokhato m'chikwama, n'kupempha kuti ayesedwere pa ng'oma za Mphenzi. Iye analola, poti sanaone choopsa pa munthu wa masilipasi, ndipo nthawi ya mayiyo itakwana anatuluka kukagula madzi. Ali kukantini anamva holo yonse ikunjenjemera bwino ndithu, mpaka wogulitsa madzi akugwedeza mutu. Mphenzi anamuuza monyadira kuti ng'oma zimenezo ndi zake, ndipo ng'oma zabwino zimadziimba zokha.

Tsopano mayi uja anali zyolizyoli, akutembenuza timitengo take. Chisoni chinamugwira Mphenzi. Ena kukanidwa kumawalemera mpaka miyendo kukana kunyamuka. Anasendera pafupi.

"Achemwali, dzipitani kusanade. Kukhala pano sikusintha kanthu."

"Komatu achimwene..."

Mphenzi anakweza dzanja. "Ndikudziwa, mukufuna kunena za sipika. Tonse tinadutsa momwemo. Ng'oma zimafuna mapewa, mwamva? Inu mawu anu akumveka ofewa, yesani kwaya. Mukafuna malangizo mudzandipeze, sindikaniza nzeru ine."

Mayiyo anaweramiranso timitengo take. Mphenzi anaona kuti uphungu wake walowa.

Chitseko chinatsegukanso. Mwini bandi anatuluka akupukuta thukuta m'khosi, namugwira Mphenzi dzanja ndi manja onse awiri.

"Akulu, mwachita bwino kudikira. Ng'oma ngati zanuzi sindinazionepo m'tauni muno. Zikopa zatsopano, zitsulo zowala, mumazisamala ngati mwana."

"Ndi moyo wanga, bwana," anatero Mphenzi, chifuwa chili patsogolo. "Loweruka ndifike nthawi yanji?"

"M'mamawa, kuti muzimange alendo asanabwere. Mayi awa ndi amene tawatenga, koma vuto alibe ng'oma. Inu mukatibwereka zanuzi, muzingozibweretsa, kenako muzidikira pampanda mpaka amalize."