Chenjezo la Kompyuta Yapakona

Mtsikana woyang'anira makompyuta a kampani sanauzepo munthu za vutoli. Usiku uliwonse foni inkamudzutsa ndi chenjezo loti malo osungira zonse zimene kompyuta ikuchita akudzaza. Akadzaza, zolembedwa zimatayika, ndipo bwana anali atanena kale kuti zikatayika ntchito yatha. Usiku wina zitamukwana, anavala juzi, n'kupita ku ofesi akung'ung'udza njira yonse.

Atafika, anapeza kuti chenjezolo linkachokera pa kompyuta yapakona, imene anali ataizula yekha mawaya kalekale. Mpando wa pakompyutayo unali wofunda. Foni inaliranso.

Mlonda anasuzumira pakhomo. "Achemwali, mwatulukira pati? Si inu ndakutsegulirani kale uja?"

"Ine ndangofika kumene, madala," anayankha motsitsa mawu. "Kompyuta iyi ilibe magetsi, koma pali wina akulembapo."