Jekete la Kanjinga

Boti lachiwiri linali litanyamuka, koma Kanjinga anali adakali pa benchi, jekete loyandamitsa lili pamiyendo. Mayi ake anali chiimire pambali pake, mtima ukuwira.

Kanjinga ndi mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sayankhula. Dzinali analipata chifukwa chokonda kuzunguza mateyala a njinga tsiku lonse. Phokoso limamupweteka. Munthu wachilendo akamukhudza amakuwa mpaka kudzimenyetsa mutu kukhoma. Malo okhawo amene mtima wake umakhala pansi ndi pamadzi. Loweruka lililonse anthu ongodzipereka amakweza ana onga iye m'maboti oyendera mphepo padamu, ndipo akabwerako amadya bwino, amagona bwino, nthawi zina mpaka kuseka. Mayi ake ankawapempherera anthu amenewa ngakhale anali asanawaonepo.

Wopita naye nthawi zonse anali bambo ake, poti mayiwo Loweruka amakhala ku ntchito, kochapa nsalu za m'chipatala. Sabata imeneyi bambowo anali pa ulendo, ndipo pochoka anachita kutsindika kuti asavutike, mwana adzapita sabata yamawa. Koma Kanjinga sadziwa za sabata yamawa. Kutangocha anakaima pakhomo, chipewa kumutu, n'kuyamba kudziluma dzanja. Mayi ake anali atavala kale yunifolomu. Anapempha mnzawo kuti awagwirireko ntchito, n'kunyamuka choncho, nsapato za labala kuphazi.

Wowalandira anali mkulu wa gulu la ongodzipereka aja, amene aliyense pamenepo ankangoti a Mandevu. Anagwada n'kumupatsa moni Kanjinga osamukhudza. Kenako anadzuka, n'kuwayang'ana mayiwo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

“Bambo ake ali kuti?”

“Achokapo.”

“Chabwino. Dikirani pa benchipo, sisi.”

Anatulutsa foni m'thumba n'kuzungulira kuseri kwa shedi yosungiramo maboti.

Mayiwo anadziwiratu kumene nkhani ikulowera. Sabata yatha Kanjinga analuma mmodzi wa anyamata oyendetsa maboti. Bambo ake anaifotokoza nkhaniyo akuseka, koma lero mnyamatayo anali apo, akukoka chingwe cha thanga ndi dzanja limodzi, linalo lili mu bandeji. Ndiye foni ija inali yofunsana kuti amuchotse bwanji mwanayu mwaulemu. Sikanali koyamba. Ku sukulu ya mkaka anayamba ndi “dikirani” yemweyu, n'kumaliza ndi “sitingakwanitse”. Ku kalasi ya ana ya kutchalitchi chimodzimodzi. Kumeneko analira n'kuiwala. Koma kuno? Anthu amene amawatama kwa aliyense wofuna kumva? Zinawawawa kuposa zonse zija.

Anakhala akuonerera ana a anzawo akukwera. Mwana aliyense amavekedwa jekete ndi kholo lake, kholo n'kumanga lamba womaliza, kenako n'kukaima pa kamlatho ka matabwa pamene mwanayo angamalione ali pamadzi. Iwonso anatenga jekete kuti amuveke wawo. Mtsikana wina wa m'gululo anathamangira.

“Musamumange kaye, chonde,” anatero akumwetulira.

Kumwetulira kumeneko ndiye kunawanyansa kwambiri. Munthu akafuna kukukana azingokukana, osati kumakuonetsa mano.

Boti lachitatu linachoka. Linatsala limodzi, la thanga lobiriwira, ndipo munali malo a mwana mmodzi yekha. Kanjinga anali atayamba kudzigwedeza, kutsogolo, kumbuyo, akung'ung'udza, maso ali pa botilo. Mayi ake ankaidziwa nyimbo imeneyo. Likachoka lomalizali, mwana adzigwetsa pansi pa miyala, ndipo sabata yonse m'nyumba simugonedwa. Nanga akamuchotseratu? Kwina kopita naye kunalibe.

A Mandevu atatulukira kuseri kuja anapeza mayiwo awatsekera njira.

“Pepani bambo, ngati mwatopa naye mwanayu ingonenani,” anatero. “Musatiyanike padzuwa ngati zovala. Analuma munthu, inde, ndikudziwa. Koma si za ana otere zomwe munadziperekera? Kapena mumafuna okhaokha ofatsa, ooneka bwino pa zithunzi?”

A Mandevu anatong'ola maso, kenako n'kuseka.

“Kutopa naye? Kanjinga? Ameneyu ndi dolo wathu, mphepo amaimva isanafike. Zolumazo musaziwerenge, tonse pano tili ndi zipsera.” Anapinda mkono wa malaya n'kuwaonetsa chawo. “Malo atsalawo ndi ake, palibe wina akhalepo.”

Mtima wa mayiwo unakhala pansi. Manyazi anawagwira, misozi ili lengelenge. Anthu abwino chonchi, iwo n'kuwaganizira zoipa! Anayamba kufunafuna mawu opepesera.

“Kungoti lamulo lathu ndi limodzi,” a Mandevu anapitiriza mofatsa. “Mwana sakwera popanda kholo pagombe. Wantchito sitimulola kumanga jekete, ngakhale akhale wachikondi ngati inu.”

Apa mayiwo anatsala pang'ono kuseka. Kani vuto lonseli linali yunifolomu! Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma a Mandevu anali akuloza kale kugeti.

“Musadandaule, ndawaimbira mayi ake. Amenewo sajomba, Loweruka lililonse amabwera limodzi ndi amuna awo. Ndi awo afikawo.”

Mayiwo anacheuka. Kanjinga anali atadzuka kale pa benchi, jekete lili m'manja, akuthamangira mzimayi wa diresi lachikasu amene iwo anali asanamuonepo chibadwire.