Jekete M'buti ya Pijo

Buti ya galimoto itangoti khotcho, Watson anagwira m'thumba la buluku, kenako anagwira kumutu. Makiyi anali m'jekete, ndipo jekete inali m'buti.

Kutsidya kwa msewu, m'dera la Tsholofelo konkuno, kudziko la Atswana, akuchikazi anali atakhala kale pamipando. Kwa Atswana mwamuna salowa pa nkhani za ukwati wopanda jekete, ndipo nkhoswe anali Watson yemweyo.

"Malume, tingophwanya loko," anatero Prosper, mnyamata wofunsirayo.

"Pijo ya malemu agogo ako? Inatichotsa ku Kasungu iyi iwe usanabadwe!" anakalipa Jenipher, mayi wake. "Achimwene, zulani mpando wakumbuyo."

Mwamwayi zitseko zinali zosakhoma. Atazula mpando ndi kathabwa kakuseri kwake, panaoneka kampata pakati pa zitsulo. Jenipher anavula bulangete limene amayi akuno amafunda paphewa pa za ukwati, nalowetsa mutu, mapewa, mpaka thupi lonse. Watson ankamuunikira ndi katochi ka pafoni.

"Tazimitsani," anatero Jenipher chapansipansi.

Anagona chagada mumdimamo. Dzimbiri linali litaboola chivundikiro cha buti timabowo tosawerengeka, ndipo dzuwa la m'mawa linkalowera m'menemo ngati nyenyezi. Thambo lathunthu linali pamwamba pa mphuno yake. Fungo la fodya amene malemu bambo awo ankanyamula m'masaka linali likadali m'kapeti, ngati angotsika kumene.

"Wayipeza?" anafunsa Watson. "Anthu ayamba kuyang'ana kuno!"

Jekete inatulukira pakampata paja, makiyi akulira m'thumba.

"Tsogolani, achimwene," anatero Jenipher. "Ine ndikadali ndi bambo."