Nkhunda za Mayi Ake

Mvula inkawaza kuyambira m'mawa. Mwana wanga wamkazi anakhala pakhonde, chotupa cha m'chikope chitatseka diso lake lakumanzere.

"Adokotala akuti mwina chinayamba ndi kachilombo kochokera ku mbalame," anatero. "Bambo, mwandimva?"

Ndinamumva. Nkhunda zathu zinali za malemu mayi ake. Chimwalirireni iwo, iye ndiye ankasesa m'khola, poti ine mtima sunkandilola kulowamo.

Ndinatenga hamala n'kuphwasula kholalo, thabwa ndi thabwa. Nkhunda zinauluka, zinazungulira denga, kenako zinatera pamatabwa omwewo, zitanyowa, zikundiyang'ana.

"Sizichoka zimenezo, bambo, kwawo n'konkuno," anatero akupukuta disolo. "Komanso chotupa sichiphwa ndi hamala."

Ndinaziyang'ana nkhundazo. Ndinawerama n'kutola mwala.